Tsiku Limene Kanyumba Kanga Kanandigwetsera pa Apongozi

Ngati munali ku Mkaika chaka chija kanyumba ka matayala kanavina, ndipo munaseka, ndakukhululukirani. Ngati munajambula pa foni, inu ayi, nkhani yathu tidzakamalizira kumwamba. Mwini kanyumba kaja ndine, ndipo munthu uja anatulukamo wopanda malaya, ufa uli mbuu m'mutu, ndinenso. Anthu akhala akuikhotetsa nkhaniyi m'maminibasi a ku Katete, ena mpaka akuti tinalimo atatu, choncho ndati ndiinene ndekha mmene inayendera.

Ine ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Vubwi. Ntchito inanditaya pa sukulu ina ya kumudzi pakati pa Sinda ndi Katete, kumene aphunzitsi ndi ambiri kuposa nyumba za aphunzitsi. Ndinakwatira mwana wa pamudzi pomwepo, amake Tiya, ndipo popeza nyumba panalibe ndinalowa chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi. Ndinati ndi za temu imodzi chabe. Zinatha zaka zisanu ndi ziwiri.

Inu amene simunakhalepo pa chikamwini musandiuze kanthu. Munthu wa dipuloma, woti ana akandiona amaimirira, ndikafika pakhomo ndinkasanduka wofolera nkhokwe za eni. Pamwamba pa zonse panali apongozi anga aakazi, a Nabanda, mayi wamasiye, mtsogoleri wa amayi ku tchalitchi kwathu, munthu wa thupi lake (Mulungu powapatsa sanaumire). Mwambo wathu mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala m'chipinda chimodzi, za kukhudzana ndiye musatchule n'komwe. Tikakumana pa njira, wina amapatukira m'tchire mpaka mnzake adutse. Zaka zonsezo a Nabanda sanandilankhulepo mwachindunji. Mawu onse ankadzera mwa mwana wawo, ngakhale ine nditaima pomwepo: "Make Tiya, uwauze aphunzitsi kuti mbuzi zalowa m'dimba."

Ndinali nditapeza kapuloti ku Katete, ndipo chimene ndinkafuna pa dziko lapansi chinali chimodzi basi: chitengwa, chilolezo choti nditenge mkazi wanga ndi ana tikakhale pathupathu. Ndinapempha kawiri kudzera mwa ankhoswe. Yankho linabwera kawiri lofanana: "Munthu amene sanamangepo ngakhale khola la nkhunda akamusunga pati mwana wanga? Akamujambulira nyumba ya choko pa bolodi?" Mawu amenewo anandipweteka, sindibisa. Ndinkawamva ngakhale ndili m'kalasi ndikulemba pa bolodi lomwelo.

Ndiye tsiku lina ndinaona vidiyo pa foni. Mzungu wina wandevu, wovala kabudula, akukhoma kanyumba kakang'ono pa matayala awiri, n'kukakoka ndi galimoto, n'kumagona paliponse pamene wafuna. Ndinaionera kasanu. Ndinati ha, munthu uyu ali ndi mitu iwiri kodi? Mwambo wa Kulamba unali pafupi, nthawi imene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ndipo chaka chilichonse mudzi wathu umakagona m'misasa ya udzu, fumbi likulowa m'makutu, mapazi a wina ali pakamwa pa wina. Ine misasa imeneyo ndinkaipeputsa kuyambira kale. Ndinaganiza kuti ndikafika kumeneko ndi nyumba yoyenda, yomanga ndekha, pamaso pa anthu a mayiko atatu, a Nabanda adzameza mawu awo ndipo chitengwa chidzabwera chokha.

Kuseri kwa khola kunali ngolo yakale ya malemu apongozi aamuna, matayala ake akadali abwino. Ndinaipempha kudzera mwa amake Tiya. Yankho linati: "Uwauze atenge. Koma uwauze kuti ngolo imeneyo chiikhalire sinagwetsepo munthu." Ndinaseka mumtima. Ndinati ndi zonena za anthu okalamba zimenezo.

Ndinajambula pulani pa pepala la magirafu, ndi rula, mpaka ndinaika kamuvi koloza kumpoto (nyumba yoyenda, kumpoto kwake kuti? musandifunse). Vuto linali lakuti ngolo ndi yaifupi, munthu sangatambasule miyendo. Choncho pa pulanipo ndinaitalikitsa kumbuyo, chitseko n'kuika kumbuyo komweko. Kenako ndinaikokera ku Sinda kwa a Mvula, owotcherera zitsulo, amene amapanga ngolo, mafelemu a zitseko ndi mbaula. A Mvula sukulu analekera giledi folo, ndipo powotcherera amavala magalasi adzuwa ogula pamsika. Ndinalowa pa malo pawo ngati munthu wodzayendera sukulu.

Anaitembenuza pulani ija kawiri, n'kuibweza.

"Aphunzitsi," anatero, "ngolo imaima chifukwa ng'ombe zaigwira kutsogolo. Inu mwaitalikitsa kumbuyo. Tsiku limene mudzamasule galimoto, munthu n'kuponda kumbuyo kuno, mtanda wokokera udzaloza kumwamba. Tiike miyendo iwiri kumbuyoku."

"M'vidiyo munalibe miyendo," ndinayankha.

"Kapena mzunguyo salandira alendo."

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ine amene ndimaphunzitsa sayansi ya kulemera kwa zinthu chaka ndi chaka, kuuzidwa ndi munthu wa giledi folo! Ndinatola kachitsulo n'kuwajambulira pansi. Ndinawauza kuti katundu yense wolemera, madzi, makala, ufa, adzakhala kutsogolo, ndipo kutsogolo kukalemera kumbuyo sikungatsike. Ndinalankhula mwina mphindi khumi, anthu odikira zitseko zawo akumvetsera. A Mvula anavula magalasi, kundiyang'ana, n'kuvalanso.

"Mwini nyumba ndinu. Koma chitsekochi chizitsegukira mkati."

"Kunja. Mkati mulibe malo."

"Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo," anatero, akulankhula ndi chitsulo chimene anagwira.

"Yangayi ili nalo khomo," ndinawayankha, ndipo ndinachoka ndikudzimva kuti ndapambana.

Zotsalazo ndinakhoma ndekha pa holide yonse. Makoma a matabwa opyapyala, denga la malata, kawindo kamodzi kukula kwake ngati kope la mwana wa sukulu, ndipo ndinakaika zitsulo kuopa akuba (wakuba wake wolowera pamenepo mwina buluzi). Mkati ndinapachika katani pakati kuti pakhale chipinda chogona ndi pabalaza, m'nyumba yoti ukayenda masitepe awiri wafika kumapeto. Pafupi ndi chitseko ndinakhoma kabenchi ka alendo. Ndinagula matiresi atsopano, ndipo monga achitira munthu aliyense wanzeru, pulasitiki yake sindinachotse. Kunja ndinapaka penti wobiriwira, pa chitseko n'kulemba ndi zilembo zazikulu kuti ZOSATHEKA N'ZA AULESI.

Mlamu wanga Yohane, mchimwene wa amake Tiya, mlimi wa thonje wopanda ntchito ina koma kuseka anthu, anakazungulira kanyumbako manja ali kumbuyo.

"Alamu, chimbudzi chokongola ichi," anatero. "Nanga dzenje muzikumba paliponse mwaima?"

Munthu wosadziwa kusiyana kwa rula ndi ndodo ungakangane naye chiyani?

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. A Nabanda sakanakwera galimoto imodzi ndi ine, choncho anatsalira kudikira lole ya amayi. Kagalimoto kanga kanakoka nyumba ija pang'onopang'ono m'msewu waukulu, anthu a njinga akutipitirira n'kumatembenuka. Ine ndinkati akusirira. Titafika ku Mkaika ndinaima pafupi ndi misasa ya mudzi wathu, imene amuna anali asanamalize kumanga, ndipo anthu anaunjikana. Ndinafotokoza zonse, ngakhale kwa amene sanafunse. Kenako, pofuna kuti aone kuti iyi ndi nyumba yeniyeni osati katundu wa galimoto, ndinamasula galimoto n'kukaiika pa mthunzi, mtanda wokokera n'kuusanjika pa mwala. Kanyumba kanaima njo, sikanagwedezeke. Ndinalakalaka a Mvula akanakhalapo kuti aone.

Chimene sayansi yanga sinawerengere n'chakuti anthu amadya. Ndili kalikiliki kufotokozera alendo ena a ku Malawi za denga, amake Tiya anatsitsa zigubu zonse za madzi, thumba la makala ndi mapoto kuti ayambe kuphika. Kutsogolo kunangotsala thumba la ufa lotsegula kale. Ine sindinaone.

Dzuwa litafika pamutu ndinalowa kuti ndipumule pang'ono. Abale, malata a mu Ogasiti si anzako. Munali ngati mu uvuni wa buledi. Ndinavula malaya n'kuwapachika pa msomali pakati pa nyumba, ndinatseka katani, n'kugona kutsogolo kwenikweni pa matiresi. Tulo tinandiba. Amake Tiya ankaganiza kuti ndapita kukaonera magule.

Nthawi imeneyo ndiyo lole ya amayi inafika. A Nabanda anatsika ali fumbi lokhalokha, akufuna pobisika poti asinthire chitenje, koma ku misasa kunali amuna. Mkazi wanga, mwa mtima wake wabwino, anati, "Amayi, lowani umu muvalire, muonenso ntchito ya akamwini anu." Taonani! Mphindi imene ndinaikhomera misomali holide yonse inafika ine ndili mkonono.

Chinandidzutsa ndi chitseko chikutsekedwa. Ndinasuzumira pansi pa katani: mapazi, nsapato za pulasitiki zakuda, m'mphepete mwa chitenje. Kenako kutsokomola. Kutsokomola kumeneko ndinali nditakumva zaka zisanu ndi ziwiri kuseri kwa mipanda. Ine, chifuwa pamtunda, m'chipinda chimodzi ndi apongozi, iwo atakhala pa kabenchi akuyamba kumasula mfundo ya duku! Munthu wanzeru akanatsokomola nayenso, iwo n'kutuluka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinaganiza zoyamba ndatenga malaya. Ndinadzuka mwakachetechete n'kukwawira pakati pa nyumba, dzanja lili kutsogolo.

Kupatula thumba lija la ufa, kulemera kokha kumene kunatsala kutsogolo kunali ine, ndipo ndinali nditangochokako.

Sindinamve phokoso poyamba. Ndinangoona denga likupendekeka. Kenako khuu! kumbuyo kunagunda pansi, kutsogolo kunaloza kumwamba monga ananenera a giledi folo aja. Matiresi a pulasitiki anasanduka potsetserekera. Ndinayamba ine, kenako katani, kenako beseni, pomalizira thumba la ufa limene linatiphulikira pamutu. Pamene fumbi la ufa linkakhazikika, ndinapezeka nditakhala pamiyendo pa a Nabanda, tsaya langa lili pa phewa lawo.

Ndinamva ng'oma zikulira patali, ndi mtima wa munthu wina ukugunda, sindikudziwa ngati unali wanga.

Ndiye a Nabanda anayang'ana khoma, n'kukweza mawu.

"Make Tiya!"

"Amayi! Mwapweteka?" anayankha mkazi wanga ali kunja.

"Uwauze aphunzitsi kuti andikhalira."

Mkazi wanga, mwina chifukwa cha mantha, mwina chifukwa cha chizolowezi cha zaka zonse zija, anafuula mawu onse pamaso pa khamu la anthu: "Atate ake Tiya, muli momwemo? Amayi akuti mwawakhalira!"

Ndikanatani? Mwambo ndi mwambo, ngakhale khutu la apongozi lili pafupi ndi pakamwa pako. Nanenso ndinayang'ana khoma langa.

"Amake Tiya, auzeni amayi kuti ndamva, ndipo ndikupepesa kwambiri."

"Amayi, akuti amva, akupepesa!"

"Uwauze kuti pepani sapoletsa chilonda. Achoke."

Ndinayesa kukwera. Munayesapo kukwera chitunda cha pulasitiki chothiridwa ufa, thupi lili thukuta lokhalokha? Ndinafika pakati, n'kubwerera. Ndinayesanso, n'kubwereranso, ulendo uno ndi chigongono. Kachitatu ndinagwira msomali uja wa malaya, msomali n'kuzuka, ine ndi msomali tonse kubwerera kwa apongozi.

"Make Tiya, uwauze asiye kuyesa. Akungobwereza mlandu."

Chitseko chija chotsegukira kunja chinali chitakanirira pansi, mawu anga a ZOSATHEKA N'ZA AULESI ali m'fumbi. Pa kawindo panali zitsulo zanga zoletsa akuba, zikugwira ntchito yake mokhulupirika. Kunja ndinamva mawu a Yohane, akulankhula movutikira chifukwa cha kuseka, akuitana amuna kuti akokere mtanda pansi. Analumpha n'kulendewera onse nthawi imodzi, popanda woti awerenge n'komwe (anthu amenewa kukweza belo la thonje amadziwa, koma kuganiza ayi). Kanyumba kanabwerera kutsogolo ndi mphamvu, phii! Tsopano amene anatsetsereka anali a Nabanda, ndipo amene anali pansi ndinali ine.

"Amake Tiya," ndinatero ndi kampweya kotsala, "auzeni amayi kuti, mwaulemu, sindikupuma."

"Uwauze kuti tsopano adziwe mmene zimamvekera."

Amuna aja poona kuti nyumba yaima, anausiya mtanda n'kuyamba kugwirana chanza. A Nabanda anakwawira ku chitseko kuti atuluke. Khuu! Tinabwereranso kumbuyo, ine pambuyo pawo ngati katundu. Amuna analendeweranso. Phii! Kutsogolo. Kanyumba kankakwera ndi kutsika, ufa ukutuluka pa kawindo ngati utsi, ng'oma zikulira chapafupi. Amayi ena ochokera ku Mozambique, amene anali atangofika, anaganiza kuti ndi chilombo chatsopano cha gule chimene sanachionepo kwawo. Anayamba kuwomba m'manja ndi kuimbira. Ine mlembi wa kwaya ku tchalitchi, ndi mtsogoleri wa amayi a mpingo, tonse awiri m'mimba mwa chilombo! Mafoni anali m'mwamba ngati mapesi a chimanga. Ndinawaona pa kawindo, ndipo nkhope zina ndikuzikumbukira mpaka lero.

Amene anathetsa zonsezi ndi munthu amene pa nthawi imeneyo sindinkafunanso kuti akhalepo. A Mvula anali atabwera kudzagulitsa mbaula ndi makasu. Sanafuule, sanathamange. Ndinangomva mawu awo akuti, "Gwirani mtandawo, musausiye." Anatenga zipika ziwiri pa mulu wa mitengo ya misasa, n'kuziika pansi kumbuyo, china uku china uku. Anagogoda pa khoma.

"Miyendo," anatero, n'kutsegula chitseko.

A Nabanda anatuluka oyamba, ali mbuu kuyambira pa duku mpaka ku nsapato. Sanayang'ane munthu. Anakonza chitenje, n'kuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu ngati akupita kukapereka chopereka, ndipo khamu linawapatukira, kuseka konse kunaleka. Kuseka kunadikira ine. Ndinatuluka chokwawa, wopanda malaya, msomali uli m'manja.

A Mvula anavula magalasi awo adzuwa.

"Aphunzitsi, m'vidiyo zinathanso chonchi?"

Kulamba kwa chaka chimenecho sindinakuone. Ndinakhala m'galimoto, mawindo otseka, mpaka amake Tiya anandibweretsera malaya. M'kanyumba kaja sindinagonemo ngakhale usiku umodzi. Ndinadziwa kuti za chitengwa zatha, ndipo ndidzafera pa chikamwini ndikufolera nkhokwe.

Patatha sabata ankhoswe anatiitana. Ndinapita ndi tambala wopepesera, ndinakhala pansi mutu uli pakati pa mawondo. A Nabanda anakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, ndikungoona nsapato zija zakuda.

"Make Tiya, uwauze aphunzitsi kuti chitengwa ndawapatsa. Akutenge, mupite ku Katete mwezi uno usanathe."

Ndinadzutsa mutu. Mtima unalumpha, ndipo uchitsiru wanga, umene ndinkayesa kuti unatsala ku Mkaika, unalumpha nawo.

"Amake Tiya, athokozeni amayi. Afunseninso ngati ndiye kuti aona kuti kumanga ndimatha."



"Uwauze kuti ayi. Uwauze kuti mkamwini amene ndikudziwa kulemera kwake sindingakhale naye mudzi umodzi. Ngolo ya malemu itsale. Ndipo nyumba ya ku Katete asaikhudze, aitane anthu odziwa."

Choncho lero tikukhala ku Katete, m'nyumba imene sindinakhomemo ngakhale msomali umodzi. Chimene ndinkafuna ndinachipeza, koma chimandiwawa mpaka pano: zaka zisanu ndi ziwiri ndinkadikira kuti mayi uja anene mawu amodzi ondiyamikira, ndipo anandimasula ngati mmene munthu amachotsera kamwala mu nsapato. Kanyumba kaja kali kumudzi, a Mvula anakaika miyendo inayi, a Nabanda amasungiramo mtedza ndipo akuti makoswe salowamo. Ine ndimanenabe kuti sayansi yanga inali yolondola, olakwa ndi amene anatsitsa madzi. Ndikanena zimenezi amake Tiya amatuluka panja, ndipo rula yanga anaibisa.

Tikapita kukacheza kumudzi, nthawi zina ndimakumana ndi apongozi pa njira ya ku chitsime. Amapatukira m'tchire monga mwa mwambo, ine n'kudutsa maso ali pansi. Kale m'tchiremo munkakhala zii. Masiku ano ndikamadutsa ndimamva udzu ukugwedezeka, ndi munthu wamkulu akuyesetsa kutseka pakamwa ndi chitenje. Mwambo sundilola kufunsa chimene akuseka.